Kuombola Nyumba ya Kumudzi ku England: Mtengo Wake Auyesa Ndani?

M'mipingo yathu yambiri muli makolo amene ana ao ali ku Britain. Ena mwa anawo anapita kumeneko monga anamwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ena anapita kukaphunzira nakhazikika komweko, ndipo ena anatsata amuna ao kapena akazi ao. Uthenga ukafika wonena kuti mwana wagula nyumba kunjako, m'banja mumakhala chimwemwe chachikulu, ndipo nkhaniyo imamveka mpaka kumsonkhano wa amai pakati pa sabata. Koma pakapita zaka zisanu, ana ena omwewo amayamba kutumiza mau a mtundu wina. Amati ndalama zathina, sangathe kuthandiza monga kale, akufuna kubweza gawo la boma, ndipo akudikira munthu wodzayesa mtengo wa nyumba. Makolo amadabwa nafunsana kuti, kodi nyumba ija sanagule kale? Nanga boma likulowamo bwanji?

Mwezi uno tafuna kulongosola nkhani imeneyi mwatsatanetsatane, kuti makolo amene ali kuno amvetse katundu amene ana ao asenza, ndiponso kuti anawo, amene ambiri amawerenga magazini ino ali kutali, aganizire bwino asanachite kanthu. Tidzaima makamaka pa nyumba za m'midzi ya ku England, pakuti kumeneko ndiko kumene kuyesa mtengo kumavuta koposa.

Ngongole yake ndi yotani?

M'mwezi wa March 2013, nduna ya zachuma ya ku Britain ya nthawi imeneyo, George Osborne, inalengeza njira yothandizira anthu kugula nyumba zatsopano, yotchedwa Help to Buy. Njirayi inayamba kugwira ntchito ku England m'mwezi wa April chaka chomwecho. Mitengo ya nyumba inali itakwera kwambiri, ndipo mabanki anali kufuna kuti wogula ayambe waika ndalama zake zambiri asanamkongoze zotsalazo. Mabanja achinyamata sanali kukwanitsa.

Dongosolo lake linali lotere. Wogula anayenera kupeza yekha magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wa nyumba. Boma linali kumkongoza mpaka magawo 20, ndipo magawo 75 otsalawo anali kukongola kubanki. Mu mzinda wa London, kumene nyumba ndi zokwera mtengo koposa, gawo la boma linakwezedwa m'chaka cha 2016 kufika pa magawo 40. Nyumbayo inayenera kukhala yongomangidwa kumene, ndipo mtengo wake sunayenere kupitirira £600,000. Kuyambira m'chaka cha 2021 thandizoli linali la okhawo amene sanakhalepo ndi nyumba yao, ndipo chigawo chilichonse cha dzikolo chinaikiridwa malire akeake a mtengo. Boma linaleka kulandira mapempho atsopano pa 31 October 2022, ndipo njira yonseyo inatsekedwa m'chaka cha 2023, nyumba zoposa 380,000 zitagulidwa mwa njira imeneyi. Ku Scotland ndi ku Wales kunali njira zofanana nayo, koma za malamulo aoao.

Ngakhale kuti khomo linatsekedwa, ngongolezo zilipobe, ndipo bungwe la boma lotchedwa Homes England ndilo limaziyang'anira. Aliyense amene anakongola ayenera kubweza pamene akugulitsa nyumbayo, kapena pamene watsiriza ngongole ya kubanki, kapena pakatha zaka 25. Angathenso kubweza nthawi ina iliyonse asanafike pamenepo ngati wapeza njira.

Ng'ombe ya anthu awiri

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi chakuti ngongole imeneyi si yofanana ndi imene tinaizolowera kuno. Munthu akakongola kubanki, kapena kubanki m'khonde, kapena kwa mbale wake, amadziwa chiwerengero cha ndalama zimene watenga, ndipo amabweza zomwezo ndi chiongoladzanja pamwamba. Ngongole ya boma ija siyenda motero. Boma silinangopereka ndalama, koma linatenga gawo la mtengo wa nyumbayo.

Tiyerekeze anthu awiri amene agula thole limodzi. Mmodzi wapereka magawo anai, wina gawo limodzi. Wa magawo anai uja ndiye akulisunga m'khola mwake, akulidyetsa ndi kulimwetsa. Patapita zaka, tholelo lasanduka ng'ombe yaikulu yonenepa, ndipo wosungayo afuna kuti ikhale yake yense. Kodi mnzake uja adzamubwezera ndalama zomwe zija anaika poyamba? Iai, adzampatsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa ng'ombeyo lero. Ikaonda kapena kudwala, mtengo wake nkutsika, onse awiri ataya pamodzi.

Tsono tiike ziwerengero. Banja lagula nyumba ya £200,000. Laika £10,000 yake, boma lapereka £40,000, banki yapereka £150,000. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, nyumbayo yayesedwa kuti mtengo wake ndi £250,000. Banjalo lidzabweza ku boma £50,000, osati £40,000. Koma itayesedwa kuti ndi £180,000, lidzabweza £36,000 yokha. Motero pa £5,000 iliyonse imene woyesa aonjezera kapena kuchotsa pa mtengo wa nyumbayo, ngongole ya banjalo imakwera kapena kutsika ndi £1,000. Ichi ndicho chifukwa chake tsiku la kubwera kwa woyesa mtengo limakhala tsiku la nkhawa m'banjamo. Munthu mmodzi, m'kanthawi kochepa chabe, amalemba chiwerengero chimene chingameze ndalama zimene banja lasunga chaka chathunthu.

Chaka chachisanu ndi chimodzi

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zisanu zoyamba ngongole ya boma ija ilibe chiongoladzanja. Wokongola amangolipira £1 pamwezi ya kayendetsedwe ka ntchito. Nthawi imeneyi banja limapuma bwino, ndipo ambiri amaiwala ndithu kuti m'nyumba mwao muli mwini wachiwiri. Koma chaka chachisanu ndi chimodzi chikangoyamba, chiongoladzanja chimayamba pa 1.75 pa 100 alionse a ndalama zimene anakongola poyamba paja. Pa £40,000 imeneyi ndi £700 pachaka, ndiye kuti pafupifupi £58 pamwezi.

Poyamba ndalamayi imaoneka yochepa, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzizindikira. Choyamba, mlingo wa chiongoladzanjacho umakwezedwa chaka ndi chaka m'mwezi wa April, motsata kukwera kwa mitengo ya zinthu m'dzikomo ndi kaonjezedwe kena pamwamba pake. Chachiwiri, ndalama zimenezi sizichepetsa ngongole ngakhale pang'ono. Munthu angathe kulipira zaka khumi mokhulupirika, koma gawo la boma lidzakhala lomwe lija, ndipo ngati mitengo ya nyumba yakwera, ndalama zoliombolera zidzakhala zitakweranso.

Amene anagula m'chaka cha 2018 anafika pamenepa mu 2023. Amene anagula mu 2021 nthawi yao ndi 2026. Ndipo otsiriza, amene analowa m'nyumba zao mu 2023, adzafikapo mu 2028. Ambiri alibe ndalama zokwanira m'thumba, kotero njira yao ndi kupita kubanki kukaonjezera ngongole ya nyumba kuti aombole gawo la boma. Njira imeneyi inalemera kwambiri pamene Bank of England inakweza chiongoladzanja chake kuchoka pa 0.1 m'mwezi wa December 2021 kufika pa 5.25 m'mwezi wa August 2023. Mabanja ambiri anapezeka ali pakati pa moto uwiri: kusiya ngongole ya boma kuti izikula, kapena kutenga ya banki imene yadula.

Lamulo limalolanso kubweza theka. Koma munthu sangamabweze pang'onopang'ono monga momwe timachitira ndi ngongole ya kusitolo. Gawo lochepetsetsa limene angabweze nthawi imodzi ndi magawo 10 pa 100 a mtengo wa nyumba pa nthawiyo. Pa nyumba ya £250,000 imeneyi ndi £25,000, ndipo nthawi iliyonse imene afuna kubweza, nyumba iyenera kuyesedwa mtengo mwatsopano.

Woyesa mtengo

Nkhani ya kuyesa mtengo wa nyumba si yachilendo kwa owerenga Buku Lopatulika. Pa Levitiko 27:14-15 timamva za munthu amene wapatulira nyumba yake kwa Yehova. Wansembe ndiye anali kuiyang'ana, kuona ubwino ndi kuipa kwake, ndi kuikira mtengo. Ndipo mwini nyumba akafuna kuiombola anayenera kulipira mtengo umenewo ndi kuonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Mlandu wake ndi wosiyana ndi wa ku England, komabe nzeru yake ndi imodzi: mwini nyumba sangadziikire yekha mtengo pa chinthu chimene iye ali nacho phindu. Pafunika munthu wachitatu wosakondera.

Ku England munthu wachitatu ameneyu ayenera kukhala katswiri wovomerezedwa ndi bungwe la Royal Institution of Chartered Surveyors, limene mwachidule amati RICS, ndipo linakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1868. Mwini nyumba ndiye amasankha katswiriyo ndi kumlipira, kawirikawiri mapaundi mazana angapo. Koma ngakhale kuti akulipidwa ndi mwini nyumba, lipoti lake amalembera Homes England. Sayenera kukhala mbale kapena bwenzi la mwini nyumba, ndipo sayenera kukhala wogwirizana ndi kampani yogulitsa nyumba. Mtengo umene kampani zogulitsa nyumba zimatchula pofuna kukopa anthu sulandiridwa, ndiponso umene banki imadziyesera yokha pofuna kukongoza sulandiridwa.

Katswiriyo ayenera kufika yekha panyumbapo ndi kulowa m'kati. Amaona kukula kwa zipinda, denga, makoma, chinyezi, bwalo ndi malo oimika galimoto. Koma mtengo sautenga m'mutu mwake. Lamulo limafuna kuti asonyeze nyumba zina zosachepera zitatu zimene zagulitsidwa m'miyezi 12 yapitayo, zofanana ndi imene akuyesayo pa mtundu, kukula ndi zaka zake, ndiponso zopezeka m'kati mwa mailosi awiri kuchokera pamalopo. Mitengo imene nyumba zimagulitsidwira ku England si chinsinsi. Imalembedwa ku ofesi ya kaundula wa malo yotchedwa HM Land Registry, ndipo munthu aliyense angathe kuiona pa intaneti.

Vuto la kumudzi

Mu mzinda ngati Manchester kapena Leicester lamulo limeneli silivuta. M'kati mwa mailosi awiri muli nyumba zikwizikwi, ndipo mumsewu umodzi wokha mungapezeke zitatu zofanana zimene zagulitsidwa chaka chomwecho. Koma si ana athu onse ali m'mizinda. Ena anapeza ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba za m'maboma akutali monga Lincolnshire, Norfolk, Devon kapena Cumbria, ndipo ena anasankha kumudzi chifukwa cha bata ndi sukulu za ana.

Owerenga asaganize kuti mudzi wa ku England uli ngati wathu. Kumeneko kulibe nyakwawa yogawa malo. Nyumba iliyonse ili ndi chikalata chake. Pakati pa mudzi pamakhala tchalitchi chakale cha miyala, sitolo imodzi kapena ziwiri, ndi nyumba zakale zimene zina zatha zaka mazana awiri kapena atatu. Kumapeto kwa mudzi, pamene kale panali munda, kampani imamangapo nyumba zatsopano khumi, makumi awiri kapena atatu, ndipo zimenezi ndizo zinagulidwa ndi thandizo la boma lija. Munthu akajambula mzere wozungulira wa mailosi awiri kuchokera pamenepo, m'kati mwake amapezamo minda ya tirigu, mabusa a nkhosa ndi mafamu angapo.

Apa ndipo pagona vuto. Anthu akumudzi sasamukasamuka, kotero chaka chingathe nyumba zogulitsidwa zili ziwiri kapena zitatu zokha m'mudzi wonse. Zimene zagulitsidwazo kawirikawiri sizifanana ndi nyumba yatsopano ija. Ina ndi kanyumba kakale ka miyala, kamene anthu olemera a m'mizinda amakalimbirana kuti azidzapumulirako, ndipo mtengo wake ndi wokwera chifukwa cha ukale wakewo. Ina ndi nyumba ya pafamu yokhala ndi maekala ambiri. Kuyerekeza nyumba yatsopano ya zipinda zitatu ndi zimenezi kuli ngati kufunsa mtengo wa nkhuku kwa munthu wogulitsa nkhanga.

Zikatero woyesa amakakamizika kupita patali, kumidzi ina kapena kutauni yapafupi, kapena kubwerera m'mbuyo kupyola miyezi 12, ndipo ayenera kulongosola m'lipoti lake chifukwa chimene wachitira motero. Komatu midzi iwiri yotalikirana mailosi asanu okha ingathe kusiyana kwambiri pa mtengo. Wina uli ndi siteshoni ya sitima yopita kumzinda, wina ulibe ngakhale basi ya tsiku ndi tsiku. Wina uli ndi sukulu yotchuka, wina sukulu yake inatsekedwa. Wina uli pamtunda, wina uli m'dambo limene madzi amasefukira. Woyesa ayenera kuonjeza apa ndi kuchotsa apo monga mwa nzeru zake, ndipo pamene maumboni ali ochepa, maganizo a munthu mmodzi amalemera koposa. Akatswiri awiri oona mtima angathe kuyesa nyumba imodzi yomweyo nasiyana ndi mapaundi zikwi zingapo, popanda wina wonama.

Palinso china. Nyumba yongomangidwa kumene imagulitsidwa pa mtengo wapamwamba chifukwa cha utsopano wake, monga momwe ikhalira galimoto yongotuluka m'sitolo. Ikakhalamo anthu zaka zisanu, utsopano uja watha. Ngati kampani ikumangabe nyumba zina pafupi, mitengo ya zatsopanozo si muyeso wolungama wa nyumba imene yakhalidwamo kale; muyeso wabwino ndi nyumba za pamalo omwewo zimene eni ake oyamba agulitsanso. Koma pamalo a nyumba makumi awiri zokha, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene wagulitsa. Ndipo ngakhale wina atagulitsa mwezi watha, mtengowo umatenga nthawi kuti uonekere m'kaundula.

Ofesi yoyang'anira ngongoleyo ikaona kuti lipoti silinatsate malamulo, ingathe kulibweza kuti likonzedwe, ndipo masiku amapita. Nchifukwa chake banja la kumudzi lichita bwino kufuna woyesa wodziwa bwino dera limenelo, ndi kumfunsa asanayambe ntchito ngati anayesapo kale nyumba za ngongole imeneyi, ndi chimene adzachita akapanda kupeza nyumba zitatu zofanana pafupi. Safunsa anadya phula. Nkololedwanso kuti mwini nyumba amuuze woyesayo za nyumba zimene iye akudziwa kuti zagulitsidwa m'deralo, malinga akunena zoona zonse, zomkomera ndi zosamkomera zomwe.

Nzochititsa chidwi kuti chilamulo cha Mose nachonso chinasiyanitsa nyumba ya mumzinda ndi ya kumudzi. Pa Levitiko 25:29-31, nyumba ya mumzinda wa linga inali ndi chaka chimodzi chokha choti iomboledwe, pamene nyumba ya kumudzi wopanda linga inali kuwerengedwa pamodzi ndi minda, ndipo ufulu wa kuiombola sunali kutha. Anthu akale aja anazindikira kuti nyumba ya kumudzi siyendera msika monga ya mumzinda.

Miyezi itatu

Lipoti la woyesa lili ndi moyo wa miyezi itatu yokha. M'nthawi imeneyi mwini nyumba ayenera kulitumiza msanga ku ofesi yoyang'anira ngongole, kulipira £200 ya kayendetsedwe ka ntchito, kutsiriza chiongoladzanja chilichonse chimene anatsalira nacho, kupeza loya, ndi kumaliza zonse ndi banki. Aliyense wa amenewa ali ndi liwiro lake. Miyezi itatu ikatha zinthu zisanatheke, woyesa yemwe uja angathe kulemba kalata yoonjezera miyezi ina itatu popanda kufikanso panyumba, koma ayenera kupemphedwa m'masabata awiri okha. Nthawi imeneyonso ikatha, zonse zimayambanso pachiyambi, ndalama zina nkulowa, ndipo mtengo watsopano ungathe kukhala wokwera kuposa woyamba.

Kwa amene akugulitsa nyumba kumudzi, miyezi imeneyi imathamanga kwambiri, pakuti ogula ndi ochepa ndipo malonda amachedwa. Nzeru yake ndi kuyamba wakambirana ndi banki ndi loya, kapena kuyamba wapeza wogula, ndipo pambuyo pake kuitana woyesa. Wogulitsa adziwenso kuti boma limawerengera gawo lake pa chiwerengero chachikulu mwa ziwiri izi: mtengo wa woyesa kapena mtengo umene wogula walipira. Motero kugulitsa motchipa kwa mbale kapena mnzako sikuchepetsa ngongole.

Ambiri amakhumudwanso pa nkhani ya kukonza nyumba. Kupaka utoto ndi kukonza zoonongeka ndi udindo wa mwini nyumba, koma kumanga chipinda choonjezera kapena kusintha mamangidwe kumafuna chilolezo, ndipo chilolezocho chimaperekedwa makamaka pa zifukwa za matenda kapena kulumala. Munthu akamanga popanda chilolezo, mtengo wa nyumba nkukwera, boma limatenga gawo lake pa kukwerako ngakhale kuti silinaikepo njerwa ndi imodzi yomwe. Amene akulakalaka kukuza nyumba yake ayambe waombola gawo la boma.

Miyeso iwiri m'thumba limodzi

Tsopano tifike pa mbali imene ikhudza mtima wa Mkhristu. Banja limene likuonjezera ngongole kubanki kuti libweze ya boma limafuna mitengo iwiri pa nyumba imodzi. Pamaso pa banki limafuna kuti nyumbayo ioneke yamtengo wapatali, chifukwa chikole chikakhala chachikulu banki imakongoza mosavuta ndi pa chiongoladzanja chotsikirapo. Pamaso pa boma limafuna kuti nyumba yomweyo ioneke yotsika mtengo, kuti gawo lobweza lichepe. Yesero limabadwira pomwepo: kubisa ming'alu tsiku limene akubwera wa kubanki, ndi kuionetsa mokuza tsiku limene akubwera woyesa wa ngongole ya boma, kutchula nyumba zokhazo zimene zinagulitsidwa motchipa, kapena kunong'oneza woyesa chiwerengero chimene tikufuna.

Mau a Mulungu salankhula mobisa pa zimenezi. Pa Deuteronomo 25:13-16 Aisraeli analetsedwa kusunga m'thumba limodzi miyala iwiri yoyesera, waukulu ndi waung'ono, wina wogulira wina wogulitsira. Buku la Miyambo limabwereza kangapo kuti sikelo yonyenga imanyansa Yehova, ndipo Masalmo 37:21 amaika kukongola osabweza pakati pa zizindikiro za munthu woipa. Ena amati kunyenga boma si kuba, popeza boma lilibe nkhope. Koma ndalama zija zinachokera m'misonkho ya anthu, ena mwa iwo osauka amene sadzakhala konse ndi nyumba yaoyao. Amene anasaina pangano pamene linali kumkomera ayenera kulisunga pamene layamba kumlemera. Walira mvula walira matope.

Izi sizitanthauza kuti Mkhristu angovomera chiwerengero chilichonse mwakachetechete. Chilungamo chili ndi mbali ziwiri. Ngati lipoti lalakwitsa kukula kwa nyumba, ngati layerekeza nyumba ya zipinda zitatu ndi ya zipinda zinai, ngati laiwala kuti mudzi winawo uli ndi sitima pamene uno ulibe, mwini nyumba ali ndi ufulu wonse wosonyeza cholakwacho mwaulemu ndi umboni m'manja. Kupempha muyeso wolungama si tchimo. Tchimo ndi kufuna muyeso wokhota chifukwa wakhotera kwa ife.

Kwa ana ndi kwa makolo

Kwa inu ana athu amene muli kunjako, Ambuye Yesu pa Luka 14:28 anaphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake. Musadikire kalata ya chaka chachisanu ndi chimodzi. Tulutsani mapepala anu, onani tsiku limene chiongoladzanja chiyamba, tsatirani mitengo ya nyumba za m'dera lanu, ndipo mwamuna ndi mkazi akhale pamodzi ndi kuwerengera poyera, popanda wina kubisa chimene amalandira kapena chimene amatumiza kwao. Mabanja ambiri sasweka chifukwa cha ngongole yeniyeniyo, koma chifukwa cha chinsinsi chimene chaizinga. Funsani aphungu ovomerezeka a za ngongole za nyumba, ndipo musachite manyazi kufunsa anzanu a mumpingo amene adutsa kale njira imeneyi. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso auzeni makolo anu zoona. Chithunzi cha nyumba yokongola chimene munatumiza chinalankhula theka la nkhani. Theka linalo muwafotokozere ndinu.

Kwa inu makolo amene muli kuno, mwana akachepetsa thandizo kwa kanthawi musafulumire kunena kuti wakuiwalani kapena kuti mkazi wake kapena mwamuna wake wamtseka m'manja. Mwina akulimbana ndi kuombola denga limene adzukulu anu akugonamo. Paundi imaoneka yaikulu ikasinthidwa kukhala makwacha, koma kumene imapezedwako ili ndi eni ake ambiri oidikira. Mufunseni mwachikondi, mumpempherere, ndipo zofuna zimene zingadikire zidikire.

Pomaliza tikumbukire kuti woyesa wa ku RICS amayesa makoma, denga ndi bwalo, koma sangaike mtengo pa pemphero la madzulo, pa mtendere wa pakati pa mwamuna ndi mkazi, kapena pa mlendo amene walandiridwa pakhomo. Masalmo 127 amatiphunzitsa kuti omanga nyumba amagwira ntchito pachabe ngati Yehova sali m'ntchitoyo. Ana athu abweze za boma kwa boma mokhulupirika ndi mwanzeru, ndipo Mulungu wa mtendere asunge mabanja ao ndi athu, kuno ndi kutsidya kwa nyanja.